Black Flag ndi anthu amene Greg Ginn anawasiya m'njira

Mu Ogasiti 1986, Greg Ginn, woyimba gitala wa bandi ya ku America yotchedwa Black Flag, anaimbira foni woyimba wa bandiyo Henry Rollins n'kumuuza kuti iye wasiya bandi. Kwa munthu wosaidziwa Black Flag, nkhaniyi ingamveke ngati wamba, poti oyimba amasiya mabandi tsiku ndi tsiku. Koma Ginn ndiye anayambitsa bandiyo, ndiye ankapeka nyimbo zambiri, kampani yotulutsa zimbale inali m'manja mwake, ndipo pa anthu onse amene anadutsamo pa zaka khumi zija, ndi iye yekha amene analipo kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Kuchotsa anthu ankakudziwa bwino kwambiri, koma ulendo uwu sanachotse munthu. Anangoti wasiya, ndipo Rollins sanafunse zambiri. Anadziwa kuti zathera pomwepo.

Anzanga ambiri ndikawaikira Black Flag amangoti ndi phokoso la anthu amisala, ndipo sindilimbana nawo kwambiri. Nyimbo zawo ndi za hardcore, mtundu wa punk (rock yaukali) wothamanga mopitirira muyezo: nyimbo ya mphindi imodzi kapena ziwiri, gitala yokanda m'makutu, woyimba akukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Si za aliyense. Koma chimene chandigwira mtima zaka zonsezi si phokoso lokha ayi, ndi mndandanda wa anthu. Pa maiki padutsa oyimba asanu ndi mmodzi. Pa besi ndi pa ng'oma, zala za manja onse awiri sizikwana kuwerengera. Ena amati linali tsoka, ena amati mankhwala osokoneza bongo, ena amati umphawi. Ine ndimaona kuti kusinthasintha anthu kunali kagwiridwe ka ntchito ka Ginn kuyambira pachiyambi, ndipo chimene chimandizunguza n'chakuti njira yomweyo inabala nyimbo zosaiwalika pakati pa 1979 ndi 1985, koma kuchokera mu 2013 yangobala manyazi.

Zinayambira ku Hermosa Beach, katauni ka m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Los Angeles, mu 1976. Ginn sanali mwana wa mumsewu. Ali ndi zaka 12 anali atatsegula kale kabizinesi kogulitsa zipangizo za wailesi kudzera pa positi, dzina lake SST, ndipo atakula anakaphunzira za chuma pa yunivesite ya UCLA. Gitala anaigwira mochedwa, ndipo ankakonda Grateful Dead, bandi ya mahipi imene anyamata a punk ankaiyesa mdani. Mnzake woyamba anali Keith Morris, kamunthu kakafupi kolongolola, kamene kankathandiza m'sitolo ya bambo ake yogulitsa mbedza ndi nyambo. Bandi yawo ankaitcha Panic. Besi inawasowetsa mtendere, chifukwa aliyense wobwera ankathawa akaona kuti Ginn akufuna pulakatisi ya maola ambirimbiri tsiku lililonse. Masiku ambiri ankapanga pulakatisi popanda besi n'komwe, ndipo Ginn ankamenya gitala mwankhanza kuti atseke mpata wa munthu amene palibeyo. Kamenyedwe kameneko kanamukanirira.

Mu 1977 panafika munthu amene sanathawe. Dzina lake lenileni ndi Gary McDaniel, koma dziko limamudziwa kuti Chuck Dukowski. Sungani dzina limeneli, chifukwa kwa ine nkhani ya Black Flag ndi yake pafupifupi theka.

Chakumapeto kwa 1978 anamva kuti kuli bandi ina yotchedwa Panic. Mng'ono wake wa Ginn, Raymond Pettibon, ndiye anapereka dzina latsopano n'kujambula chizindikiro: mizere inayi yakuda yoimirira, yosiyana pang'ono msinkhu, ngati mbendera ikuuluzika. Mwana aliyense angaijambule ndi penti pakhoma m'masekondi ochepa, ndipo anaijambuladi m'makoma ndi m'milatho ya Los Angeles mpaka apolisi kuiloweza. Ndinaionapo pa tisheti ya pakaunjika, itavalidwa ndi bambo wina wakabaza amene ndikukhulupirira kuti za Hermosa Beach alibe nazo ntchito. Mizere ija inayenda kutali kuposa nyimbo zake.

Kachimbale koyamba, Nervous Breakdown, kanatuluka kumayambiriro kwa 1979. Nyimbo zinayi, zonse pamodzi mphindi zisanu zokha. Palibe kampani imene inkafuna kukatulutsa, ndiye Ginn anangotenga dzina la bizinesi yake ya mawailesi n'kuyambitsa SST Records. Malo oyimbira nawonso ankawakana. Mu Julayi chaka chomwecho anadzilowetsa mochenjera pa zoyimbayimba za ku Polliwog Park ku Manhattan Beach, kumene mabanja ankabwera ndi ana ndi mabasiketi a zakudya kudzapumula Lamlungu. Morris atayamba kukuwa ndi kutukwana, makolo anayamba kuwagenda ndi zitini komanso zakudya zomwe anabwera nazo. Kuyambira pamenepo apolisi anawayang'anitsitsa, ndipo kwa zaka zotsatira shoo ya Black Flag inkatha kawirikawiri ndi zibonga, zipewa zachitsulo ndi helikopita pamwamba.

Morris anachoka chakumapeto kwa 1979. Iye mwini sabisa kuti mowa ndi mankhwala zinali zitamulowerera, komanso kuti pulakatisi yosatha ya Ginn ndi Dukowski inamutopetsa. Anakayambitsa Circle Jerks, n'kunyamula nyimbo zina zimene ankati n'zake, ndipo chidani chinayambira pamenepo. M'malo mwake munalowa Ron Reyes, mnyamata wochokera ku banja la ku Puerto Rico. Nthawi imeneyo bandi inkakhala m'tchalitchi chakale chosiyidwa ku Hermosa Beach, chimene ankangochitcha The Church. Mu filimu ya Penelope Spheeris yonena za punk ya ku Los Angeles, Reyes akuonetsa kamera chipinda chake: kakabati ka m'khoma, kongokwana munthu mmodzi atagona, lendi yake madola 16 pamwezi. Akuseka poonetsapo. Patangopita miyezi yochepa, mu 1980, anataya maiki shoo ili mkati ku Fleetwood, Redondo Beach, atatopa ndi ndewu za anyamata ometa mipala amene anayamba kudzaza mashoo. Anzake sanaime. Anapitiriza kuyimba nyimbo imodzi yakale mobwerezabwereza, aliyense wofuna n'kumakwera kudzakuwa. Reyes anabweranso kudzamalizitsa kujambula Jealous Again, ndipo malipiro ake anali akuti pachikuto anamulemba dzina lachipongwe lomunena kuti ndi wogona ana. Umu ndi mmene bandi imeneyi inkatsanzikira anthu.

Wachitatu anali Dez Cadena, mwana wa katswiri wojambula nyimbo za jazi Ozzie Cadena. Pali anthu ambiri amene amalumbira kuti Dez ndiye anali woyimba weniweni wa Black Flag, ndipo masiku ena ndimagwirizana nawo. Mawu ake anali osasa, ngati munthu amene wakuwa usiku wonse ndipo sakufuna kusiya. Vuto n'lakuti zinalidi choncho. Sanaphunzirepo kusunga khosi, ndipo maulendo anamumaliza mawu.

Maulendowo ndi ntchito ya Dukowski. Mu 1980 kunalibe njira yoti bandi yopanda kampani yaikulu izungulire America. Mabala akuluakulu sankafuna punk, mawailesi sankaiika. Dukowski ankakhala pafoni tsiku lonse, kuimbira ana asukulu a m'matauni amene palibe ankawaganizira, kufunsa ngati kuli holo ya asilikali opuma, chipinda chapansi pa nyumba, kapena malo alionse okhala ndi magetsi. Manambala ankagawana ndi mabandi ena monga D.O.A. ya ku Vancouver ndi Dead Kennedys ya ku San Francisco. Akapeza malo, bandi yonse inkalowa m'vani imodzi pamodzi ndi zipangizo, kugona pansi m'nyumba za anthu osawadziwa, kudya chilichonse chopezeka. Kwawo ankayenda usiku ndi ndowa ya phala la ufa wa tirigu, kumata zojambula za Pettibon pa mapolo a magetsi. Njira imene Dukowski analambula ndi foni ija ndi imene mabandi mazanamazana anadzadutsamo pambuyo pake, kuphatikizapo ena amene anadzalemera kwambiri. Ginn ankapeka nyimbo, inde, koma popanda Dukowski nyimbozo zikanathera m'tchalitchi muja.

Henry Garfield anali mmodzi wa ana amene ankalandira bandiyi ikafika kwawo. Ankakhala ku Washington, D.C., ankayang'anira sitolo ya ayisikilimu ya Häagen-Dazs ku Georgetown, ndipo ankayimba m'kabandi kotchedwa S.O.A. Mu 1981 anayendetsa galimoto mpaka ku New York kukaonera Black Flag. Usiku utapita, ali m'kabala kakang'ono, anapempha nyimbo yotchedwa Clocked In, yodandaula za ntchito, chifukwa m'mawa mwake ankayenera kukatsegula sitolo. Kenako anakwera n'kuiyimba yekha. Patapita masiku ochepa foni inalira kuntchito: abwere adzayesedwe. Dez ankafuna kusamukira pa gitala yachiwiri. Mnyamata wa zaka 20 uja anasiya ntchito, anagulitsa galimoto, anasintha dzina kukhala Rollins, n'kukwera vani.

Damaged, imene inatuluka mu Disembala 1981, ndi chimbale chimene anthu ambiri amayambira, ndipo sindingawaletse. Anthu asanu: Rollins pa maiki, Ginn ndi Cadena pa magitala, Dukowski pa besi, ndi Robo, mbadwa ya ku Colombia, pa ng'oma. Pachikuto pali Rollins atamenya galasi ndi chibakera, magazi akuchucha. Wojambula chithunzicho, Edward Colver, anaswa galasilo ndi hamala, ndipo magaziwo anali inki yofiira yosakaniza ndi khofi. Ndimakonda kukumbukira zimenezi ndikamamva anthu akunena za Black Flag ngati kuti zonse zinali ukali wongobuka. Anthuwa ankakonzekera chilichonse, ngakhale misala.

Chimbale chomwechi chinatsala pang'ono kuwapha. SST inagwirizana ndi kampani yaing'ono ya Unicorn, imene katundu wake ankagawidwa ndi chimphona cha MCA. Mkulu wina wa MCA, Al Bergamo, atamvera chimbalecho anati n'chodana ndi makolo, ndipo anakana kuchigawa. Anyamatawo anatenga mawu akewo n'kuwasindikiza pa timapepala, n'kumata pazikuto. Zinali zoseketsa, koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Mkangano ndi Unicorn unafika kukhoti, ndipo khoti linapereka chiletso chakuti asatulutse chilichonse m'dzina la Black Flag. Anayesa kuzemba potulutsa Everything Went Black, nyimbo zakale za oyimba atatu oyamba, popanda dzina la bandi pachikuto, mayina a anthu okha. Woweruza sanasekerere. Mu 1983 Ginn ndi Dukowski anagona masiku asanu m'ndende chifukwa chonyoza khoti. Chiletsocho chinatha pokhapokha Unicorn itagwa chakumapeto kwa chaka chomwecho.

Pa ng'oma zinthu zinkangogubuduka. Robo anatsakamira ku Britain mu Disembala 1981 chifukwa cha mapepala a viza, ndipo anadzapezeka ali mu bandi ya Misfits. Kunabwera Emil Johnson, sanakhalitse. Kunabwera Chuck Biscuits wa D.O.A., amene anthu amati anali woopsa kuposa onse, koma m'nthawi ya chiletso, moti zimene anajambula nawo mu 1982 sizinatulukepo mwalamulo mpaka lero, zimangoyenda mobisa. Pomaliza anakhazikika Bill Stevenson wa Descendents. Cadena naye anachoka mu 1983 kukayambitsa DC3.

Kenako Ginn anatembenukira Dukowski. Munthu amene anagona naye m'ndende chaka chomwecho, amene anali naye limodzi mu SST, amene analambula njira yonse. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali cha nyimbo: Ginn ankati kamenyedwe ka Dukowski sikakugwirizana ndi kumene iye akufuna kupita. Mwina n'zoona. Dukowski ankamenya besi ngati akulimbana nayo, kuthamangira kutsogolo kwa ng'oma, pamene Ginn anali atayamba kufuna zinthu zolemera, zoyenda pang'onopang'ono. Koma tamverani chodabwitsa: Dukowski atachotsedwa pa siteji sanachoke pa foni. Anapitiriza kukonza maulendo a bandi imene yamutaya. Ndipo chimbale chotsatira chinatenga dzina la nyimbo imene iye anapeka, My War, nyimbo ya munthu amene wazindikira kuti amene ankamuyesa mnzake ali mbali ya adani. Rollins ndiye akuikuwa, koma ine ndikaimva sindiganiza za Rollins. Pa chimbalecho besi anaimenya Ginn yemwe, n'kudzilemba dzina lopeka la Dale Nixon. Pamene panali munthu panatsala dzina la munthu woti kulibe.

Apa m'pamene nkhani imandivuta, chifukwa ndikufuna kudana ndi zimene Ginn anachita, koma My War, ya mu Malichi 1984, ndi chimbale chimene ndimachikonda kuposa Damaged. Mbali yoyamba ikadali yothamanga. Mbali yachiwiri ili ndi nyimbo zitatu zokha, iliyonse yopitirira mphindi zisanu ndi imodzi, zokwawa, zolemera, zonunkha Black Sabbath, bandi yakale ya heavy metal. Anyamata ometa mipala amene ankabwera kudzagundana anakwiya koopsa, makamaka ataona kuti bandi yonse yasunga tsitsi lalitali. Koma kumpoto, cha ku Seattle, kunali anyamata ena amene anamva mbali yachiwiriyo n'kusintha kayimbidwe. Melvins, Mudhoney ndi Nirvana onse amaloza kumeneko. Ginn anaona chinthu chimene omutsatira ake sanachione, ndipo kuti akafikeko anaponda mnzake.

Amene anatenga malo a Dukowski anali Kira Roessler, mtsikana amene ankaphunzira uinjiniya pa UCLA. Gulu la Ginn, Rollins, Kira ndi Stevenson ndi limene ine ndimaliika pamwamba pa onse, ndipo ndikudziwa kuti ena andinena. Kira sankalimbana ndi besi. Ankaima chilili, kumenya molondola, mosaphonya, n'kusiya bwalo loti gitala ya Ginn ipenge mmene ikufunira, ipite kunja kwa nyimbo ngati ya jazi n'kubwerera ikapeza pansi pali pomwepo. Chiletso chitatha, nyimbo zimene zinaunjikana zinatuluka ngati madzi osefukira: mu 1984 mokha My War, Family Man, Slip It In ndi Live '84, kenako mu 1985 Loose Nut, The Process of Weeding Out imene ilibe mawu n'komwe, ndi In My Head. Sizabwino zonse. Mawu a nyimbo zina za nthawi imeneyi onena za akazi ndi onyansa, ndipo ndimadzifunsa kuti Kira ankamva bwanji akuziyimbira besi usiku uliwonse, ali mkazi yekha m'vani yodzaza amuna. Maulendo ankawakonza motsatira tchuthi cha sukulu yake, ndipo zimenezi zinadzasanduka mlandu.

Rollins naye anali atasintha. Ankakwera pa siteji atangovala kabudula wakuda, thupi lonse zolembalemba, kumsana kuli dzuwa lalikulu. Anthu ankamulavulira, kumumenya, kumuzimitsira ndudu pamiyendo, iye n'kumabwezera. Akakhala ku California ankagona m'kashedi kuseri kwa nyumba ya makolo a Ginn, n'kumalemba m'makope, ndipo zolembazo zinadzakhala buku la Get in the Van mu 1994. Atolankhani anayamba kufuna Rollins, osati Ginn. Mukamvera In My Head mudzaona kuti mawu a woyimba akwiriridwa pansi pa magitala, ndipo sindikhulupirira kuti inali ngozi ya mu situdiyo.

Mapeto anabwera mmodzimmodzi. Stevenson anachoka mu 1985, kunalowa Anthony Martinez. Kira anachotsedwa chakumapeto kwa chaka chomwecho, kunalowa C'el Revuelta. Ngakhale Pettibon, m'bale wake weniweni, anadana ndi bandi atapeza kuti chojambula chake chadulidwadulidwa pokonza chikuto cha Loose Nut popanda kumufunsa. Pa ulendo wa 1986 Ginn ankayamba wayimba ndi bandi yake ina yopanda mawu, Gone, kenako n'kubwereranso ndi Black Flag, ndipo zinkaoneka kumene mtima wake unali. Shoo yomaliza inali ku Detroit pa 27 Juni 1986. Miyezi iwiri isanathe, foni ija inalira.

Otayidwawo sanafe. Morris anakhala ndi Circle Jerks, kenako OFF!, imene zikuto zake ankajambula Pettibon. Pettibon yemweyo lero zithunzi zake zili m'nyumba zazikulu zosungira zaluso. Stevenson anabwerera ku Descendents n'kukhala katswiri wojambula nyimbo. Cadena anayimba ndi Misfits zaka zambiri. Rollins anatchuka pa wailesi, m'mafilimu, m'mabuku. Kira anapita ku Hollywood kukakonza mawu a m'mafilimu, anapata mphoto za Emmy, ndipo anali m'gulu limene linagwira ntchito pa Mad Max: Fury Road. SST, imene inatulutsa Minutemen, Hüsker Dü, Meat Puppets, Sonic Youth, Dinosaur Jr. ndi Soundgarden, inatsala ndi mbiri ina yowawa: mabandi angapo anadandaula za ndalama zawo, ndipo ena anachotsako nyimbo zawo kudzera mwa maloya. Ginn anasamukira ku Taylor, ku Texas, n'kumatulutsa zimbale zimene anthu ochepa ankamvera.

Mu Seputembala 2003 anautsa dzina lija kwa masiku atatu ku California, pofuna kupeza ndalama zothandizira amphaka osowa pokhala. Cadena, Robo ndi Revuelta analipo, koma pa gawo lina besi inkachokera m'makina, yojambuliratu, m'dzina la Dale Nixon uja. Anthu analipira kudzaonera munthu woti kulibe.

Chaka cha 2013 ndiye chinavundukula zonse. Mu Januwale Ginn analengeza kuti Black Flag yabwerera, Ron Reyes ali pa maiki. Nthawi yomweyo Morris, Dukowski, Stevenson ndi Cadena, pamodzi ndi Stephen Egerton wa Descendents pa gitala, anayamba kuyenda m'dzina loti FLAG, kuyimba nyimbo zomwezo. Mbali imodzi kuli mwini dzina ndi munthu mmodzi wakale, mbali inayo kuli anthu anayi akale opanda dzina. Kwathu kuno tinazolowera funso lotembenuka. Evison Matafale atamwalira mu 2001, Black Missionaries inapitiriza, Musamude Fumulani atamwalira mu 2007 inapitirizabe, ndipo anthu a ku Chileka sanakayike kuti ndi bandi yomweyo, chifukwa otsalawo anali a m'nyumba momwemo. Ku Black Flag woyambitsa ali moyo, ali pa siteji, koma nyumba yonse ili kutsidya.

Ginn anathamangira kukhoti mu Ogasiti 2013, kusumira a FLAG, n'kuphatikizamo Rollins amene sanali nawo n'komwe pa siteji, chifukwa Rollins ndi Morris anali atayesa kulembetsa dzina ndi chizindikiro kuboma. Munthu amene anagona m'ndende chifukwa khoti linamuletsa kugwiritsa ntchito dzina la Black Flag, tsopano ankapempha khoti kuti liletse mnzake amene anagona naye m'ndendemo. Woweruza anakana kupereka chiletso chachangu, ndipo mu 2014 anagwirizana kunja kwa khoti: dzina ndi mizere inayi ndi za Ginn ndi SST, FLAG ipitirize kuyimba ndi dzina lake lodukalo. Mwalamulo sindikuona cholakwika. Nyimbo zambiri ndi zakedi. Koma amene anaonera magulu onse awiri chaka chimenecho, ngakhale pa YouTube pokha, sanavutike kusankha. FLAG inkayimba ngati anthu amene ali ndi ngongole yoti abweze. Ginn ankaima pambali n'kumagwedeza dzanja pa theremin, kachipangizo kolira popanda kukakhudza.

Chimbale chatsopano, What The..., chinatuluka kumapeto kwa 2013, patatha zaka 28 chitulukire In My Head. Ndinachimvera mpaka kumapeto chifukwa cha ulemu. Gitala ndi ya Ginn ndithu, simungaisokoneze ndi ya wina, koma palibe chimene chikulimbana nayo. Besi ndi Dale Nixon. Chikuto, m'malo mwa Pettibon, ndi kankhope kakatuni kotulutsa lilime kamene intaneti yonse inakaseka. Ndipo chisanafike n'komwe m'manja mwa anthu ambiri, woyimba wake anali atachotsedwa kale. Mu Novembala, ku Perth, ku Australia, kutatsala nyimbo ziwiri kuti shoo ithe, Mike Vallely, katswiri wa skateboard amene anali manijala wa bandi, anakwera pa siteji, n'kulanda maiki m'manja mwa Reyes, n'kumuuza kuti zake zatha, atsike. Vallely anamaliza yekha nyimbo zotsalazo, ndipo mu Januwale 2014 analengezedwa kukhala woyimba wachisanu. Reyes anachoka ku Black Flag kawiri, ndipo maulendo onse awiri shoo ili mkati.

Za zaka za Vallely ndilibe zambiri. Anayenda maulendo mu 2014, kenako kuyambira 2019, oyimba besi ndi ng'oma akusinthana mwakachetechete moti mayina awo ambiri sanawagwire. Vallely anakhala pa maiki nthawi yaitali kuposa Rollins, koma chimbale chatsopano sichinatuluke.

Ndiye kusiyana kuli pati, poti kuchotsa anthu n'komwe kuja? Mmene ndikuonera, anthu amene Ginn ankachotsa kale anali anthu oti akanatha kumukana. Morris anali mnzake asanakhale woyimba wake. Dukowski anali mwini mnzake wa kampani, wopeka nyimbo, wamakani. Stevenson anali ndi bandi yakeyake yoti abwerereko. Kira anali ndi sukulu imene sanalole kuisiya chifukwa cha vani. Rollins anakula mpaka kuphimba mwini bandi. Aliyense wa iwowa ankakoka chingwe kupita kwake, ndipo nyimbo zinkatuluka m'kukokanako, mpaka tsiku limene Ginn watopa n'kudula chingwe. Kudulako kunali nkhanza, koma panali choti adule. Kuchokera 2013 amene amabwera ndi antchito, odziwa kuti dzina lili ndi mwini wake ndipo khoti linatsimikiza.

Mu 2025 Ginn, ali ndi zaka za m'ma 70, analengeza gulu latsopano kotheratu: Max Zanelly pa maiki, mkazi woyamba kukhala woyimba wa Black Flag, David Rodriguez pa besi ndi Bryce Weston pa ng'oma, onse achinyamata oti pamene bandi inkatha ku Detroit anali asanabadwe. Pa intaneti anthu anawanyoza chifukwa cha msinkhu, ndipo kumeneko sindili nawo. Rollins anali ndi zaka 20 pamene ankasiya ayisikilimu, Cadena anali wamng'ono kuposa pamenepo, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anali ndi mbiri yoti n'kuonetsa. Ana amenewa ndikuwafunira zabwino, ndipo akatulutsa chimbale ndidzachimvera. Chimene ndidzayang'ana poyamba ndi pachikuto, kuti ndione ngati pali nyimbo imene wapeka wina osati Ginn, komanso ngati pa besi palembedwa Rodriguez kapena Dale Nixon.